Chinkhwe chimene adona anatisiyira

Ndinali ndi zaka khumi tsiku limene ababa anatsika kombi pa msika wa Chikwanha ku Chitungwiza atanyamula chikwere chawaya chofunditsidwa thaulo lakale. Amayi anali atandituma kukawachingamira, chifukwa linali tsiku lawo lomaliza pantchito ndipo tinkaganiza kuti abwera ndi katundu wofuna wowathandiza. Katundu yense anali chikwere chija basi, ndi jumbo momwe anapindiramo malaya awo oyera ophikira. Pansi pa thaulo pankamveka kanthu kakukanda waya. Nditafuna kusuzumira anandiletsa, nati ndidikire tikafike kunyumba.

Ababa ankaphikira azungu ena kumayadi, kumpoto kwa Harare. Ntchitoyo anaiyamba ine ndisanabadwe, ndipo anaiphunzira kwa bambo awo, amene anachokera ku Dedza ali mnyamata n'kufera konkuno osaonanso kwawo. Ababa ankagona kuntchito komweko, kunyumba ankabwera kumapeto kwa sabata kokha, zovala zawo zikununkhira batala ndi anyezi wokazinga. Zinali zaka zija masitolo anali mashelefu okhaokha, aliyense amene anali ndi kothawira akulongedza. Bwana wawo anali atamwalira, ndipo adona anagulitsa nyumba kuti atsatire ana awo kutsidya la nyanja.

Ife tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Mai Rudo ku Unit G, dera lina la ku Seke, m'Chitungwiza momwemo. Titalowa, ababa anaika chikwere patebulo, nakhala pabedi n'kuyamba kumasula nsapato. Ine ndinachotsa thaulo. M'katimo munali mbalame yotuwa ngati phulusa, nthenga zakumchira zili psuu, maso achikasu, mlomo wakuda wopindika. Ababa anati ndi chinkhwe, dzina lake Koko. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, napendeketsa mutu, kenako anafuula ndi mawu a mzimayi wachizungu, akuthwa ngati mpeni:

"Joni! Tiyi!"

Ababa anadzambatuka, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Anaima chilili kanthawi, ngati munthu amene wadzutsidwa kutulo, kenako anakhalanso pansi pang'onopang'ono osayang'ana aliyense. Ine ndinaseka mpaka misozi, n'kufunsa kuti Joniyo ndani. Ku Unit G aliyense ankawatchula ababa kuti a Mbewe. Kutchalitchi ndiwo ankawerenga mawu m'Chichewa, ndipo akaimirira anthu ankasiya kutsokomola. Amayi sanaseke. Anandiuza mouma kuti Joni ndi bambo anga, kuti adona anaona dzina loti Limbikani kutalika, ndiye anawapatsa lina lokwana pakamwa pawo.

Madzulo amenewo amayi anafunsa ngati mbalameyo inali zonse zimene munthu angatsanzikidwe nazo ataphika zaka zonse zija. Ababa anayankha kuti adona analira popereka chikwerecho, ndipo ananena kuti panalibe munthu wina amene akanamukhulupirira ndi Koko.

"Ndiye misozi yawoyo tiphika?" anatero amayi.



Koko anasanduka wanga. Amayi ankagulitsa tomato, masamba ndi mtedza pa Chikwanha, ndiye ndinkawapempha mtedza wosweka wotsalira pansi pa thumba, nthawi zina gwafa wofewa amene wogula akanamukana. Ndinkatsuka chikwere ndisanapite kusukulu, ngakhale masiku amene mipopi inali youma ndipo madzi tinkachita kukaimira mzere kumjigo. Poyamba ankandiluma zala mpaka magazi. Kenako anayamba kuweramitsa mutu kuti ndimukande pakhosi, ndipo nthenga zake zinkandisiyira fumbi loyera m'zala, lofewa ngati ufa wosefa.

Masiku amenewo makolo akandiyankhula m'Chichewa ndinkayankha m'Chishona, monga ankachitira anzanga onse obadwira kuno. Chichewa changa chinali chopunduka ndipo azakhali ankandiseka nacho. Koma Koko sankaseka munthu. Ndikatsala naye ndekha ndinkamuyankhula Chichewa chomwecho, kumuuza za aphunzitsi, za atsikana amene ankanditchula mlendo ngakhale ndinabadwira pachipatala chimodzi ndi iwo. Anaphunzira kunena kuti "Mwadzuka bwanji". Anaphunzira likhweru la anyamata oitanira makombi, ndi chifuwa cha amayi, ndi kulira kwa chitseko cha kuchimbudzi.

Koma mawu a adona sanawasiye. Akamva supuni ikugunda kapu ankaitana Joni. Anali ndi mawu enanso a Chingelezi, ndipo ine ndinali nditafika kalasi yoyamba kuwamva tanthauzo. Ena ankatanthauza kuti fulumira. Ena ankafunsa ngati munthuyo ndi gonthi. Ena anali oti chitsiru, ndipo amenewa ankawanena motsitsa, motopa, ngati munthu amene wawanena kambirimbiri. Palibe amene anandiuzapo mmene ababa ankakhalira kuntchito. Ndinazimva kwa mbalame, m'chipinda chathu chomwe, ababa ali pomwepo. Ikayamba, ankatenga mpando wawo n'kukakhala panja kutsamira khoma, akuyang'ana waya woyanikapo zovala. Kuseka kuja kunandithera.

Ana a mumsewu mwathu ankadzadza pakhomo kudzaona mbalame yoyankhula. Mai Rudo sizinkawasangalatsa. Anayamba ndi kudandaula za phokoso ndi za maluwa awo opondedwa. Kenako tsiku lina anaimitsa amayi pampopi n'kuwauza m'Chishona kuti iwo sangakhale ndi chinthu choyankhula ngati munthu m'chipinda chokhoma eni ake atachoka, kuti akutidziwa ife a ku Malawi ndi zinthu zathu. Amayi anapepesa, chifukwa wa lendi sayankha mwini nyumba. Atalowa m'nyumba anamenyetsa ndowa pansi madzi n'kutayikira pamphasa.

Koko naye sanali bwino. M'chipinda chathu munali mdima, zenera limodzi loyang'ana khoma la a neba. Anayamba kudzizula nthenga za pachifuwa mpaka khungu kuonekera, lotuwa, la makwinya. M'mawa ndinkapeza nthengazo pansi pa chikwere n'kumazisunga m'chitini cha mafuta odzola, poganiza kuti mwina pali njira yozibwezera.

Anabwera Loweruka lina m'mawa, ine ndikuchapa yunifolomu. Anali amuna awiri ovala zobiriwira, a ku ofesi yoona za nyama zakutchire, pamodzi ndi wapolisi mmodzi. Mai Rudo anawalozera kuseri osatuluka pakhonde pawo. Wamkulu mwa awiri aja anali bambo wa imvi, woyankhula mofatsa. Anapereka moni, nalowa, nayang'ana Koko nthawi yaitali, makamaka pachifuwa paja. Kenako anafunsa ababa chilolezo chosungira mbalameyo.

Ababa anafotokoza kuti inali mphatso ya abwana awo. Bamboyo anafunsa ngati abwanawo anasiya pepala lililonse, ngakhale lolemba pamanja. Panalibe. Ndiye anatifotokozera, osakweza mawu, kuti mbalame ya mtundu umenewu si ya dziko lino, kwawo ndi kunkhalango za ku Congo, ndipo anthu amazigwira kumeneko n'kumazizembetsa m'malire mpaka zayamba kutha. Anati lamulo limafuna kuti aliyense woisunga aonetse chilolezo chosonyeza kuti inalowa m'dziko mwa njira yake. Wopanda chilolezo, kaya anagula, kaya anatola, kaya anapatsidwa, mlandu ndi wake chifukwa ndiye wapezeka nayo.

Ine ndinali nditakumbatira chikwere, manja anga a thovu la sopo. Ndinanena m'Chishona kuti Koko ndi wathu, kuti sitinabe, kuti afunse aliyense. Ababa anandiyang'ana.

"Chisomo, pereka."

Mnzake wa bambo wa imvi uja, wachinyamata, atatambasula dzanja, Koko anamuluma chala kudzera pawaya. Ndiye anagwirizana kuti ndinyamule ndine mpaka kupolisi. Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, chikwere pamiyendo, ababa pambali panga atakhumbatira mawondo. Msewu wonse unatuluka kudzaonerera. Wina anathamangira ku Chikwanha kukauza amayi.

Kupolisi anawauza ababa kuti avule nsapato ndi lamba, akhale pansi kuseri kwa kauntala. Sindinali nditawaonapo atakhala pasimenti. Mapazi awo anali oyera, osang'ambika, mapazi a munthu amene wakhala m'nsapato moyo wake wonse. Chikwere anachiika pakauntala. Inali nthawi ya tiyi, ndipo wapolisi wina pakona ankatakasa shuga m'kapu yake. Supuni inalira.

"Joni! Tiyi!"

Ababa anatsamiritsa dzanja pansi n'kudzuka mpaka theka. Anazindikira ali chogwada, bondo limodzi m'mwamba. Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Wina anagunda tebulo, wina anaitana anzake a chipinda china kuti adzamve. Anagundanso supuni dala, Koko naitananso, iwo n'kumayang'ana ababa ngati adzukenso. Mmodzi anati tsopano zadziwika kuti woweta ndani, wowetedwa ndani. Bambo wa imvi uja yekha ndiye sanaseke. Anatenga thaulo m'manja mwanga n'kufunditsa chikwere, mbalame n'kukhala chete. Ababa anabwerera pasimenti, maso ali pa zala za kumapazi kwawo. Aka kanali komaliza kumuona Koko. Bambo wa imvi uja anatiuza kuti apita kumalo osungirako nyama zolandidwa, ndipo sindinadziwe konse kuti malowo ali kuti.

Amayi atafika kupolisi, bambo yemweyo ndiye anawatsatira panja n'kuwauza kuti ngati mwini wake woyamba atatumiza chilolezo chake, mlandu ukhoza kupepuka kwambiri. Nambala ya foni ya adona ababa anali nayo m'thumba la malaya. Amayi Chingelezi sankachidziwa, ndiye woimba ndinali ine. Tinapita pakashopu koimbira foni pa Chikwanha, pakati pa ogulitsa makala ndi okonza nsapato, makombi akulira mahutala kumbuyo kwathu. Ndinatseka khutu limodzi ndi chala.

Anayankha adona eni ake. Ndinawadziwa nthawi yomweyo, chifukwa mawu awo ndinkagona nawo m'chipinda chimodzi. Ndinanena kuti ndine mwana wa a Mbewe. Anati sakudziwa munthu wa dzina limenelo. Ndinati a Limbikani Mbewe, amene ankawaphikira. Limenelonso sanalidziwe. Amayi ankandigwedeza phewa kuti nthawi ikutha. Ndiye ndinanena kuti ndine mwana wa Joni. Kanali koyamba dzina limenelo kutuluka pakamwa panga, ndipo linandiwawa ngati ndadziluma lilime.

Adona anasangalala kwambiri. Nditawafotokozera zimene zachitika, anayamba kulira. Anafunsa ngati Koko akudya, ngati anthu amene amutengawo akudziwa kuti amafunika kufunditsidwa kukazizira, ngati anatenga kabelu kake koseweretsa. Anafunsa kuti Joni analekerera bwanji zoterezi, pamene iwo anamukhulupirira. Ndinabwereza kuti ababa ali m'chitolokosi, tikufuna pepala. Anati katundu wawo akadali m'mabokosi, ayang'ana. Foni inaduka asanafunse ngati ababa adya.

Amayi anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinawauza kuti akuti ayang'ana. Zinazo sindinawamasulire.

Tinadikira. Titaimbanso, anayankha mwana wawo wamwamuna, amene anati mayi ake sakupeza bwino ndipo nkhani ya mbalameyi ikuwadwalitsa, tisaimbenso.

Kukhoti ababa anavomera mlandu. Woweruza anafunsa ngati ali ndi chonena, iwo anangopempha chifundo, kuti ali ndi banja. Anawalamula chindapusa, ndipo amayi anagulitsa makina awo osokera kuti ababa atuluke. Anabwera kunyumba atanyamula lamba m'manja, ndevu zitamera, akununkha fungo limene sopo analephera kulichotsa msanga. Mwezi womwewo tinasamuka kwa Mai Rudo, katundu wathu pangolo yokankha, kupita kuchipinda chimodzi mbali ina ya Seke.

Panali banja lina kumayadi limene linali litalonjeza kuwalemba ntchito. Atapitako anawabwezera pageti. Nkhani inali itayenda kale pakati pa ophika ndi osamalira maluwa, ndipo poyenda inasintha: ankati a Mbewe anamangidwa chifukwa choba mbalame ya abwana awo. Palibe amene amalowetsa m'khitchini mwake munthu womangidwapo. Ababa sanaphikenso kumayadi. Anadula mgolo pakati n'kuyamba kuwotcha chimanga pafupi ndi pokwerera makombi, manja aja amene ankadziwa kuumba makeke a ukwati akutembenuza chimanga pamakala. Nthabwala ya kupolisi ija inawapeza komweko. Anyamata oitanira makombi akafuna chimanga ankakuwa kuti, Joni, tiyi. Sankadziwa n'komwe chiyambi chake. Ababa ankawapatsa chimanga chawo, ndi mchere, n'kuthokoza.

Ndinakula ndi mkwiyo. Ndinkadana ndi Mai Rudo, ndi yunifolomu yobiriwira, ndi lamulo lokhoza kumanga munthu chifukwa cha mphatso. Adona ndinkawaimba mlandu umodzi wokha, wa kusasamala: kuti anataya pepala, kapena anachita ulesi kutsegula mabokosi.

Zoona zake ndinazimva ndili kale kukoleji ya uphunzitsi. Ababa anali atayamba kutupa miyendo ndipo ankakhala pakhomo, mapazi m'beseni la madzi ofunda. Ndinali kuwadula zikhadabo, ndipo sindikumbuka chimene chinayambitsa nkhaniyo. Ndinanena kuti adona akanangotsegula bokosi limodzi, moyo wathu ukanakhala wina. Ababa anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Panalibe pepala, mwanawe. Silinakhalepo chiyambire."

Anandiuza kuti bwana ankayenda ulendo wa ntchito kumpoto, kudutsa Zambia. Ulendo wina anabwera ndi katoni pansi pa mpando wa galimoto, yoboola timabowo. Amene anaitulutsa anali ababa. Munali tiana ta zinkhwe titatu, tomangidwa milomo ndi mphira kuti tisalire pamalire. Tiwiri tinali titafa kale. Ababa anakwirira okha tiwirito kuseri kwa dimba, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo kotsalako anakalera ndi phala la pasupuni mpaka kanamera nthenga. Adona pochoka anatenga agalu awo awiri pandege. Mapepala a agaluwo anakawatenga ndi ababa omwe, kwa dokotala wa ziweto, atakwera basi. Mbalame sikanakwera ndege popanda kufunsidwa kumene inachokera. Kuigulitsa kunali kudziulula. Ndiye inasanduka mphatso.

Ndinasiya kudula zikhadabo. Ndinawafunsa kuti ngati ankadziwa zonsezi, analandiriranji.

"Munthu amene wakudyetsa zaka zonsezo akukupatsa chinthu akulira, ungabweze manja?"

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi kwa woweruza. Anati palibe anawafunsa. Anawonjeza kuti bwana anali atagona kale kumanda, ndipo si bwino kunenera zoipa munthu wakufa. Kenako anandipempha kuti ndithiremo madzi ena otentha, chifukwa aja anali atazizira.

Ndinapita kukatenga ketulo. Ndinaima m'nyumba nthawi yaitali. Ndinkaganiza za mwana uja pa Chikwanha, chala kukhutu, akupempha pepala limene onse awiri, adona ndi ababa, ankadziwa kuti kulibe. Ababa anatilola kuimba foni ija chifukwa kutiletsa kukanafuna kuti anene zoona za abwana awo, ndipo pakamwa pawo panali pasanazolowere zimenezo. Anamwalira chaka chotsatira osanenapo liwu limodzi loipa za banja lija.

Lero ndikuphunzitsa ana a pulayimale konkuno ku Chitungwiza, ndipo m'buku lathu muli mutu wa kusamalira nyama zakutchire. Ndimauphunzitsa ndi mtima wonse. Ndimawauza ana kuti kamba, pusi kapena mbalame yam'tchire si chidole, kuti asalandire kwa munthu aliyense, ndipo lamulo loletsa lili ndi chifukwa chake. Ndinaona chifuwa chozulidwa nthenga, ndipo ndikudziwa za katoni ya timabowo. Lamulo lija silinalakwe. Chimene sindiwauza anawo n'chakuti kwa zaka zambiri mbalame ija inkafuula pakhonde la nyumba yaikulu, alendo olemekezeka akuiseka ndi kuipatsa mabisiketi, ndipo palibe anagogoda pageti kufunsa chilolezo. Inangosamukira kuseri kwa nyumba ya ku Unit G, miyezi yochepa yokha, lamulo linaidziwa njira.

Mai Rudo ndinawakhululukira kalekale, anali mayi wamantha chabe. Adona sindinawakhululukire, ndipo sindikuyesa n'komwe. Chovuta ndi ababa. Ndimawakonda, ndimawasowa, koma pali masiku amene ulemu wawo uja umandipsetsa mtima kuposa nkhanza za adona, chifukwa ndi umene unatsegulira tsoka chitseko chathu.

Kwathu mwana amaphunzitsidwa kulandira ndi manja awiri, atagwada, osafunsa. Ana anga ndawaphunzitsa kugwada ndi manja awiriwo, poti ndi mwambo wathu. Koma ndawauzanso kuti munthu wamkulu kuposa iwo akawapatsa chinthu chimene iye mwini akuchikonda, ayambe afunsa chifukwa chake akuchisiya, ndipo yankho likapanda kumveka, manja akhale kumbuyo. Amayi, amene tsopano akalamba ndipo ndikukhala nawo, amati ndikulera ana amwano. Sinditsutsana nawo. Ana aulemu ndinaona kumene amathera.